Zoimbira za m'galimoto: kugunda kwachuluka, kukoma kwasowa

Pa siteji iliyonse ya minibasi m'dziko muno, kaya ndi ku Lunzu, Balaka, Ntcheu, Mponela, Jenda ngakhale ku Karonga, masiku ano galimoto imayamba kumveka isanaoneke. Chimatsogola ndi kugunda kwa bezi, kenako kunjenjemera kwa chitseko cha buti ndi nambala puleti, galimoto yeniyeniyo n'kumatulukira pambuyo.

Kale zoimbira zamphamvu zinkapezeka m'galimoto za anthu ochepa opata bwino m'mizinda ikuluikulu. Lero zili ponseponse: m'maminibasi, m'ma Sienta ndi ma Probox onyamula anthu, m'malole opita kumisika yakumudzi, mpakana panjinga zamoto za kabaza. Nyengo yogulitsa fodya, soya ndi mtedza ikafika, anyamata oika zoimbira m'galimoto sapuma chifukwa aliyense amene wapeza kangachepe amafuna kuti yake "izigunda" kuposa ya mnzake.

Koma funso n'kumati: kodi zomwe tikumvazi ndi nyimbo kapena phokoso chabe? Mukakwera zambiri mwa galimotozi mupeza kuti mawu a woimba sakumveka, gitala wasowa, malimba akwiririka, chatsala n'chigubu chogunda pamtima ndi kuswekasweka kwa sipika. Mwini galimoto walowetsapo ndalama zambiri, koma chomwe wagula ndi mutu waching'alang'ala.

Nkhaniyi si yachibwana monga ena angaganizire. Kwacha idatsika mphamvu ndi K25 pa K100 iliyonse mu May 2022, n'kudzatsikanso ndi K44 pa K100 iliyonse mu November 2023. Wailesi za m'galimoto, maampulifaya, masipika, mawaya ndi mbali yaikulu ya mabatire zimachokera kunja, choncho chilichonse chikapsa, ndalama yogulira china imachoka pathumba lomwelo la fizi ya ana, feteleza ndi ndiwo zapakhomo. Kuonjezera apo pali nkhani ya makutu a anthu okwera komanso chitetezo pamsewu.

Vuto limayambira padoko

Galimoto zambiri zomwe Amalawi akugula n'zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, zomwe zimatsikira pamadoko monga Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe. Galimotozi zimabwera ndi wailesi zopangidwira dziko la eni akelo.

Ku Japan nyumba zoulutsira mawu za FM kwa zaka zambiri zinkamveka pakati pa 76 ndi 90 MHz, pomwe kuno zathu zili pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Ichi n'chifukwa chake munthu akangolandira galimoto yake amadabwa kuti wailesi ikugwira nyumba imodzi kapena ziwiri zokha, zina zonse zii.

Njira yachidule yomwe ambiri amathamangira ndi kachipangizo kotchedwa FM expander, komwe amakalumikiza pakati pa eriyo ndi wailesi kuti kazitsitsa manambala a nyumba zathu kufika pomwe wailesiyo ingathe kugwira. Kachipangizoka kamathandiza ndithu, koma kali ndi zovuta zake. Nthawi zina nyumba ziwiri zimagwera pamalo amodzi n'kumalankhulira pamodzi, ndipo mukatalikira tawuni mawu amadzadza ndi kusokosera.

Ena amagula kachipangizo kolowetsa pamalo oyatsira fodya, kamene kamawerenga nyimbo za pafulashi kapena pafoni n'kuzitumiza ku wailesi kudzera pa FM. Apanso nyimbo imafika itataya kale mbali ina ya kukoma kwake.

Chofunika kudziwa n'chakuti ampulifaya siichapa mawu. Ntchito yake n'kukulitsa chomwe yalandira. Ikalandira mawu oyera imakulitsa oyerawo, ikalandira zinyalala imakulitsa zinyalalazo. Kotero munthu amene ali ndi ndalama zochepa amapindula kwambiri akayamba wasintha wailesi n'kuika yogwira FM yakuno, yokhala ndi polowetsa fulashi kapena Bluetooth, kusiyana n'kuthamangira chiampulifaya chachikulu.

Nyimbo zomwezo nazo zili ndi mbali yake. Zambiri zomwe anthu amakathiritsa m'mafulashi ndi m'mamemore khadi pamsika zimakhala zofinyidwa kwambiri kuti zikwane zambirimbiri, zina zojambulidwa kuchokera pa wailesi kapena zodutsa m'mafoni a anthu khumi. Nyimbo ya MP3 ya 320 kbps imasunga zambiri kuposa ya 128 kbps kapena 64 kbps. Pafoni kusiyanako sikumveka kwenikweni, koma pamasipika akuluakulu kumaonekera poyera ngati dazi.

Manambala onamiza pakatoni

M'masitolo ndi m'maokala ogulitsa zipangizozi mupeza maampulifaya ang'onoang'ono olembedwa 3000W kapena 5000W ndi zilembo zofiira. Wogula akaona nambala yaikulu amangoti basi ndapeza. Komatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Manambala otere nthawi zambiri amatsagana ndi mawu akuti Max, Peak kapena PMPO. Amenewa sanena mphamvu yomwe chipangizo chingatulutse nthawi yonse nyimbo ikulira. Nambala yodalirika ndi yolembedwa kuti RMS. Ku America kuli muyeso wotchedwa CTA-2006, womwe kale unkatchedwa CEA-2006, umene umati mphamvu ya ampulifaya iyezedwe pa magetsi a 14.4 volts, sipika ya 4 ohms, ndipo kuwonongeka kwa mawu kusapitirire gawo limodzi pa 100. Makampani odzilemekeza amalemba nambala yopezeka mwa njira imeneyi.

Ngakhale wailesi zodziwika bwino zolembedwa 50W x 4 kutsogolo kwake, mphamvu yake yeniyeni pa sipika iliyonse nthawi zambiri imakhala pakati pa 15 ndi 22 watts basi.

Pali njira yapafupi yogwirira bodzali popanda sukulu yapamwamba: yang'anani fyuzi ya ampulifayayo. Injini ikamalira, magetsi a galimoto amakhala pafupifupi 14 volts. Mphamvu yomwe chipangizo chingakoke imapezeka pochulukitsa ma volts ndi ma amps. Ngati fyuzi ndi ya 30 amps, 30 kuchulukitsa ndi 14 ndi 420 watts. Pamenepo mbali ina imatayika ngati kutentha, ndipo yotsala yofika kusipika siingapitirire 350 watts. Nanga 5000W ija ichokera kuti?

Kuti ampulifaya itulutsedi 5000 watts ingafunike ma amps oposa 350, pomwe alitaneta ya galimoto zing'onozing'ono zambiri imapereka pakati pa 70 ndi 100 amps. Magetsi omwewo ndi amene akuyatsa nyale, kuyendetsa fani ndi mawaipa komanso kutchaja batire. Mukaona nyale zikuphethira nthawi iliyonse bezi ikagunda usiku, dziwani kuti galimoto ikulira kuti katundu wailemera. Mapeto ake ndi batire yofa msanga, alitaneta yopsa ndi kukankha galimoto m'mawa uliwonse.

China chomwe ogulitsa sanena n'chakuti ma watts ambiri sakutanthauza mawu okwera mofanana. Kukwera kwa mawu kumayezedwa mu ma decibel, mwachidule dB. Mukachoka pa 100 watts kupita pa 200 watts mumangoonjezera 3 dB, kusintha kochepa m'khutu. Kuti mawu amveke ngati akwera kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Ndalama zambiri zimathera pa kusiyana komwe khutu silikuzindikira n'komwe.

Kabatani kopha masipika

Pa ampulifaya iliyonse pali kabatani kolembedwa Gain kapena Level. Anthu ambiri, kuphatikizapo ena oika zoimbira, amayesa kuti ndi voliyumu yachiwiri, ndiye amakapotokola mpaka kumapeto kuti kasitomala asangalale. Apa ndi pamene masipika ambiri amafera.

Ntchito ya kabatanika n'kugwirizanitsa mphamvu ya mawu ochokera ku wailesi ndi zomwe ampulifaya ingathe kunyamula. Kakakwera mopitirira, ampulifaya imafika pamapeto a mphamvu zake voliyumu ikadali pansi. Mukaonjezera, iyo imayamba kudula nsonga za mafunde a mawu, zomwe odziwa zamagetsi amati clipping. Khutu limamva kuswekasweka ndi kulasa, pomwe m'kati mwa sipika kawaya kopyapyala kokulungidwa kamatentha mpaka guluu kusungunuka. Matwita, timasipika ting'onoting'ono ta mawu osongoka, ndiwo amayamba kufa. Akuluakulu adati ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika.

Njira yabwino n'kuyamba mwatsitsa Gain mpaka pansi, kuzimitsa Bass Boost ndi Loudness, n'kuika bezi ndi trebo pakati. Kenako ikani nyimbo yojambulidwa bwino yomwe mumaidziwa, kwezani voliyumu ya wailesi kufika magawo atatu mwa anayi, n'kuyamba kukweza Gain pang'onopang'ono. Mukangomva mawu ayamba kusweka, bwererani m'mbuyo pang'ono n'kusiyira pomwepo.

Wamagetsi wokhala ndi mita angathe kuyeza bwino koposa. Mwachitsanzo, ampulifaya yopereka 100 watts ku sipika ya 4 ohms iyenera kuonetsa pafupifupi 20 volts potulukira mawu, poyeza ndi kaliwu koyesera. Kupitirira apo n'kuikakamiza.

Sipika iliyonse ndi ntchito yake

Khutu la munthu wachinyamata limamva mawu kuyambira 20 Hz, omwe ndi okhuthala kwambiri, mpaka 20,000 Hz, osongoka kwambiri. Palibe sipika imodzi yomwe ingaimbe bwino mawu onsewa. Monga m'kwaya muli a bezi, a tenala, a alito ndi a soprano, m'galimoto namonso sabuwufa, masipika a m'zitseko ndi matwita ayenera kugawana ntchito.

Maampulifaya ambiri ali ndi timabatani tolembedwa LPF ndi HPF. LPF imalola mawu okhuthala okha kupita ku sabuwufa, pomwe HPF imatchinga mawu okhuthalawo kuti asapite kumasipika ang'onoang'ono. Poyambira pabwino ndi pa 80 Hz mbali zonse ziwiri. Mukatero masipika a m'zitseko amapepukidwa n'kuyamba kutulutsa mawu a woimba momveka, ndipo sabuwufa imasiya kung'ung'udza.

Sabuwufa imafunanso bokosi lolimba, la thabwa lokhuthala, lomatidwa bwino, ndiponso la kukula komwe opanga adanena. Sipika ikamagunda imakankha mpweya kutsogolo ndi kumbuyo. Mpweya wa mbali ziwirizi ukakumana umafafanizana, n'chifukwa chake sipika yongogonekedwa pansi pa mpando kapena yoikidwa m'chigubu chobowoka imagwedera kwambiri koma bezi osamveka.

Chimodzimodzinso mawaya a sipika akasemphana. Ngati sipika imodzi mwalumikiza pozitivu pa negetivu, iyo imakoka pomwe inzake ikukankha, bezi n'kuzimirira. Ambiri akaona choncho amakagula ampulifaya yaikulu, chonsecho mankhwala ake n'kungotembenuza mawaya awiri.

M'maminibasi muli chizolowezi china cholumikiza masipika ambiri pamalo amodzi. Masipika ambiri a galimoto ndi a 4 ohms. Mukalumikiza awiri mophatikiza mawaya ake pamodzi amakhala 2 ohms, anayi amakhala 1 ohm. Nambalayi ikamatsika, ampulifaya imakoka magetsi ambiri n'kumatentha. Wailesi zambiri zidapangidwira 4 ohms, ndipo maampulifaya ambiri sapirira pansi pa 2 ohms. Zotsatira zake ndi kuzimazima paulendo kapena kupseratu.

Kunjenjemera kwa malata nakonso kumaba kukoma kwa nyimbo. Kumanga bwino nambala puleti, kuika labala kapena siponji pomwe zitsulo zikugundana ndi kumangitsa sipika ndi masikuluu onse ndi ntchito yotsika mtengo, koma kusintha kwake kumamveka tsiku lomwelo.

Waya ndi fyuzi: nkhani ya moyo

Madalaivala ambiri amadandaula za kaphokoso kolira ngati udzudzu m'masipika, komwe kamakwera akaponda mafuta n'kutsika akachotsa phazi. Kameneka kamachokera ku alitaneta, ndipo nthawi zambiri kamalowa chifukwa waya wa ethi sudamangidwe bwino.

Waya wa ethi uyenera kukhala waufupi, wonenepa mofanana ndi waya wobweretsa magetsi, ndipo umangidwe ndi bawuti pachitsulo cha galimoto chopalidwa penti ndi dzimbiri. Kuukoloweka pa sikuluu ya mpando yopentedwa n'kudziitanira mavuto. Mawaya onyamula mawu kuchoka ku wailesi, otchedwa RCA, ndi bwino adutse mbali ina ya galimoto, waya wa magetsi mbali inanso.

Pamsika padzadzanso mawaya ooneka onenepa koma pulasitiki ndiye wochuluka, ndipo ena ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba. Waya wotere amadutsitsa magetsi ochepa poyerekeza ndi kopa weniweni wa kukula komweko, amatentha msanga ndipo amafumbwa polumikizira. Mukapala kawaya kamodzi ndi mpeni n'kuona koyera m'kati, dziwani kuti si kopa.

Choopsa kwambiri n'kusowa kwa fyuzi pafupi ndi batire. Fyuzi ya pa ampulifaya imateteza ampulifaya yokha. Waya wautali wochoka ku batire mpaka kubuti umafunika fyuzi yakeyake, yoikidwa pamtunda wosapitirira masentimita 45 kuchoka pa batire. Waya ameneyu amadutsa pabowo la chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu. Pabowopo pakapanda labala, mabampu a misewu yathu amachititsa kuti chitsulo chizicheka waya pang'onopang'ono. Tsiku lomwe kopa adzakhudze chitsulo, batire idzatulutsa ma amps mazanamazana nthawi imodzi, waya n'kufiira ngati khala pansi pa kapeti. Kumanga fyuzi yakupsa ndi waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya n'chimodzimodzi kuchotseratu mlonda pakhomo.

Makutu sagulitsa kusitolo

Sipika ikapsa mutha kugula ina, koma khutu ayi. M'kati mwa khutu muli timaselo tonga tsitsi tomwe timasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala mawu. Phokoso lalikulu limatiwononga, ndipo tikafa sitimeranso.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organisation (WHO) lakhala likuchenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni a zaka za pakati pa 12 ndi 35 ali pachiopsezo chowonongeka makutu chifukwa chomvera zoimbira mokweza. Mu lipoti lake la mu 2021, bungweli lidati pofika 2050 anthu pafupifupi 2.5 biliyoni, kapena kuti mmodzi mwa anayi alionse, adzakhala ndi vuto la kumva.

Malinga ndi bungweli, munthu wamkulu angathe kumvera mawu a 80 dB kwa maola 40 pasabata popanda chiopsezo chachikulu. Mawu akafika 90 dB nthawiyo imatsika kufika maola anayi okha pasabata, ndipo pa 100 dB siikwana n'komwe theka la ola. Kucheza kwa anthu awiri kumakhala pafupifupi 60 dB. Muyeso wapafupi ndi uwu: ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene mwakhala naye mpando umodzi akumveni, ndiye kuti phokosolo lafika poopsa.

Tsono taganizirani za dalaivala ndi kondakitala amene amayamba ntchito mbandakucha n'kuweruka usiku, masiku asanu ndi limodzi kapena sabata yonse. Taganiziraninso za mayi wobereka khanda amene wakhala pampando wakumbuyo, sipika ili pakhutu pa mwana kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Kasungu. Iwowa sadasankhe voliyumuyo, koma ndiwo akulipira.

Chizindikiro choyamba ndi kulira kwa m'khutu kapena kumva ngati mwatsekeka mukatsika galimoto. Choipa n'chakuti munthu amene wayamba kugontha amakwezanso voliyumu, vuto n'kumakulirakulira. Amene akuona zizindikirozi ndi bwino apite kuchipatala msanga. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli gawo loyeza makutu, ndipo ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic.

Pamsewu napo khutu ndi diso lachiwiri la dalaivala. Hutala ya lole yomwe ikudutsa, kulira kwa ambulansi, belu la njinga, kukuwa kwa woyenda pansi, ngakhale kugogoda kwachilendo kwa gudumu, zonsezi zimafuna kumveka. Wokwera wofuna kutsika asamachite kumenya denga kuti amumve.

Achitepo kanthu ndani?

Oyamba ndi ogula eni ake. Safunsa adadya phula. Musanatulutse ndalama funsani nambala ya RMS, yang'anani fyuzi, palani waya, ndipo mverani chipangizocho pa voliyumu yapakati ndi nyimbo yokhala ndi mawu a munthu, osati ya bezi yokhayokha. Kwa galimoto yabanja, wailesi yabwino, masipika awiri abwino kutsogolo, ndi ampulifaya ya 50 mpaka 75 watts RMS pa sipika iliyonse n'zokwanira.

Achiwiri ndi oika zoimbira. Kumalo monga Biwi ku Lilongwe, Ndirande ndi Limbe ku Blantyre kuli anyamata aluso amene adaphunzira ntchitoyi poonera anzawo. Chomwe ena amasowa ndi maziko a momwe magetsi amayendera. Bungwe la Teveta ndi sukulu zophunzitsa ntchito zamanja zingathandize pokonza maphunziro aafupi kwa anyamata otere. Wogula naye azifunsa ngati mmisiri ali ndi mita, chifukwa amene amayesa magetsi pogunditsa mawaya kuti aone moto si woyenera kumusiyira galimoto.

Achitatu ndi a Malawi Bureau of Standards, omwe ntchito yawo n'kuonetsetsa kuti katundu wolowa m'dziko muno ndi wovomerezeka. Katoni yolembedwa 5000W pachipangizo chomwe sichingafike 400 watts ndi chinyengo chofanana ndi sikelo yobera alimi pamsika wa chimanga.

Omaliza ndi eni maminibasi ndi mataxi pamodzi ndi mabungwe awo. Sipafunika kudikira lamulo kuti dalaivala auzidwe malire a voliyumu, makamaka m'galimoto muli ana, okalamba ndi odwala. Okwera nawo ali ndi ufulu wopempha mwaulemu kuti, "Adalaivala, tatsitsaniko pang'ono," ndipo anzawo aziwathandiza m'malo mongoyang'ana kumbali.

Palibe amene akuti nyimbo zichoke m'galimoto. Ulendo wa pa M1 umafupika ndi nyimbo, ndipo oimba athu amatchuka kudzera m'maminibasi omwewa. Koma woimba amakhala masiku ambiri mu situdiyo kukonza mawu, gitala ndi ng'oma kuti chilichonse chimveke pamalo pake. Zoimbira zoikidwa bwino zimabweza zonsezo ngakhale voliyumu ili pakati, batire imakhalitsa, masipika amatha zaka, ndipo anthu amatsika galimoto akumvana bwinobwino.